Momwe Lamlungu linabwerera kwa opanga zida ku Britain

M'chaka cha 1915, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili mkati, asilikali a Britain amene ankamenya nkhondo ku France anayamba kuperewedwa zipolopolo za mizinga. Nyuzipepala ya The Times itaulula nkhaniyi m'mwezi wa Meyi, ku London kunali pokopoko. Boma linakhazikitsa unduna woona za zida zankhondo n'kuupereka m'manja mwa David Lloyd George. Maganizo a mabwana ambiri anali achidule: ngati zida zikuchepa, antchito awonjezere maola.

Anawonjezeradi. Amuna atapita kunkhondo, amayi ndi atsikana miyandamiyanda analowa m'mafakitale, ena kuchokera kuntchito zam'nyumba, ena kumafakitale a nsalu. Ambiri ankaima pa makina maola 12 patsiku, ndipo ena sabata inkatha atagwira maola opitirira 70, Lamlungu lomwe. Amene ankathira mankhwala ophulika a TNT m'zipolopolo khungu lawo linkasanduka lachikasu, manja ndi nkhope zomwe, moti ankadziwika patali akamayenda mumsewu. Ena anafa ndi matenda a chiwindi. Kudandaula za kutopa kunali kovuta, poti mchimwene wako kapena mwamuna wako anali m'maenje ankhondo akudikira zipolopolo zomwezo.

Koma mabuku a akapitawo anayamba kunena zimene anthu ankaopa kunena. Ochedwa ankachuluka. Ojomba ankachuluka, odwala nawonso. Munthu ankafika ndithu pa makina ake, koma manja atalemera, maso ali gwa, ntchito ikuyenda mwa ulesi wosafuna.

Mu Sepitembala 1915 boma linasankha komiti yoona za umoyo wa antchitowa, wapampando wake Sir George Newman. Lipoti lake loyamba linali lokhudza ntchito ya Lamlungu, ndipo linalangiza kuti munthu azipuma tsiku limodzi pasabata. Chochititsa chidwi n'chakuti komitiyi sinatsamire pa chifundo kapena pa chipembedzo chokha ayi. Inatsamira pa kuwerenga katundu wotuluka m'fakitale. Dokotala wina wa ku Oxford, Horace Vernon, anatsata magulu a antchito kwa miyezi yambiri, akulemba maola awo ndi zimene apanga. Pakati pa amayi amene ankasula tizitsulo toyatsira zipolopolo, anapeza kuti maola atachepetsedwa, zopangidwa pa ola limodzi zinakwera kwambiri, mwakuti pakutha pa sabata katundu sanachepe, nthawi zina ankaposa wakale. Ngozi nazonso zinachepa. Aliyense amene analimapo ganyu akudziwa kuti mizere ya mbandakucha siifanana ndi ya dzuwa lili paliwombo, koma panafunika nkhondo ndi manambala kuti eni mafakitale akhulupirire.

Si kuti nzeruyi inali yatsopano. William Mather anali atayesa kale sabata ya maola 48 pa fakitale yake ya zitsulo ku Salford mu 1893, ndipo ntchito sinabwerere m'mbuyo. Ambiri anangomva n'kuiwala. Chimene komiti ya Newman inaonjezera, ndipo n'chimene chikuyenera kukumbukiridwa koposa, ndi kuona kuti kutopa kumayamba kuoneka munthu asanagwe, mwinanso iye mwini asanavomere kuti watopa. Kumaonekera m'zolakwitsa zazing'onozing'ono, m'kuchedwa, m'kujomba kwa apo ndi apo. Bwana amene amangodikira kuti wantchito akomoke amakhala atataya kale miyezi ya ntchito yabwino, ndipo wantchitoyo amakhala atataya thanzi limene silibwerera msanga.

Mu 1918 kunakhazikitsidwa bungwe lofufuza za kutopa m'mafakitale, Industrial Fatigue Research Board. Chaka chotsatira, pa msonkhano wake woyamba ku Washington, bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linavomereza pangano lake loyamba: maola 8 patsiku, 48 pasabata m'mafakitale.

Patapita pafupifupi zaka 100, katswiri wa zachuma wa pa yunivesite ya Stanford, John Pencavel, anafukulanso manambala a nthawi ya nkhondo aja. Anapeza kuti maola akapitirira 49 pasabata phindu la ola lililonse lowonjezera linkatsika, ndipo wogwira maola 70 ankatulutsa katundu wosasiyana kwenikweni ndi wogwira maola 56.

Malire a maola 48 aja anafika mpaka kuno kwathu. Lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limaika maola omwewo pasabata, ndipo limati munthu asagwire masiku opitirira 6 otsatizana osapumapo maola 24. N'zachisoni kuti mtsikana wantchito yam'nyumba amene amadzuka woyamba n'kugona womaliza, kapena mlonda amene amachezera pageti usiku ndi usiku wopanda womulandira, nthawi zambiri sauzidwa n'komwe kuti tsiku lopumalo ndi lake mwalamulo.