Mukufuna kusamukira ku yunivesite ina? Musalongedze katundu kalata isanatuluke

Mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi pa WhatsApp: "Akulu, kodi ndingachoke pomwe ndikuphunzira pano n'kukapitiriza ku yunivesite ina osayambiranso chaka choyamba?" Amafunsa ine chifukwa akudziwa kuti ndinayesapo. Ndinayesadi, ndipo mpaka lero digiri ndilibe. Ndiye ndati ndilembe zonse malo amodzi, kuti wina asadzagwe m'dzenje lomwe ndinagwamo ine.

Yankho lachidule ndi lakuti zimatheka. Koma amene amagamula kuti mukayambira chaka chanji ndi sukulu yomwe mukupitayo, ndipo chigamulocho muchikhulupirire pokhapokha chili pa kalata ya chidindo. Zina zonse zomwe ndalemba pansipa zikuchokera pa mfundo imeneyi.

Transfer ya ku yunivesite si ya ku sekondale

Ambirife tinazolowera za ku sekondale: kholo lasamutsidwa ku ntchito, mwatenga kalata kwa ahedi, mwapeza malo, basi mwalowa Fomu 3 ngati kwanu komwe. Zimaphweka chifukwa silabasi ndi imodzi dziko lonse ndipo mayeso amachokera ku MANEB.

Ku yunivesite kulibe silabasi imodzi. Yunivesite iliyonse imakonza yokha mapulogalamu ake, imalemba yokha mayeso ake, ndipo digiri imatuluka m'dzina lake. Choncho mukati mukusamuka, kwenikweni mukupempha zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba, mukupempha malo ngati munthu wina aliyense watsopano. Chachiwiri, mukupempha kuti ma course omwe munakhoza kale awawerengere, musawabwerezenso. Chachiwirichi ndi chomwe amati credit transfer kapena exemption. Akhoza kukulolani choyambacho n'kukukanizani chachiwiricho, ndipo apa ndi pomwe anthu amatayira zaka.

Mukuchoka kuti, mukupita kuti?

Mayunivesite a boma alipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS, LUANAR, Mzuzu University ndi MUST ku Thyolo. Kumbukirani kuti UNIMA yakale inagawidwa mu 2021. Chancellor College ndiyo inatsala ndi dzina la University of Malawi, Polytechnic inakhala MUBAS, pomwe College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anaphatikizidwa kukhala KUHeS. Bunda inali itachoka kale mu 2012 pomwe LUANAR imayamba. Ndiye amalume anu akamakuuzani kuti "nthawi yathu munthu amachoka ku Chanco kupita ku Poly", akunena za nthawi yomwe makolejiwa anali pansi pa yunivesite imodzi. Lero Zomba ndi Chichiri ndi masukulu awiri, aliyense ndi Senate yake ndi malamulo ake.

Kusamuka kuli mitundu ingapo, ndipo kuvuta kwake n'kosiyana:

* Kusintha pulogalamu mkati mwa yunivesite yomweyo. Uku ndiye kophwekerapo. Kawirikawiri amalola kumayambiriro kwa chaka choyamba, ngati malo alipo komanso ngati magiredi anu a MSCE akukwana pa pulogalamu yatsopanoyo. Musanaganize zochoka pasukulu, yambani mwafunsa za njira iyi.
* Kuchoka ya boma kupita ya boma. Uku n'kovuta kwambiri. Ochokera ku Fomu 4 amasankhidwa kudzera ku NCHE, ndipo ofuna malo amachuluka kuposa malo omwe alipo. Musaganize kuti poti munasankhidwa kale kwina ndiye kuti khomo lili lotsekula kulikonse.
* Kuchoka ya private kupita ya boma. Njira yake nthawi zambiri ndi kuyankha zilengezo zomwe yunivesiteyo imatulutsa yokha, monga mature entry, ODeL kapena maphunziro a kumapeto kwa sabata. Mature entry imakonda kufuna diploma yovomerezeka, nthawi zina ndi zaka zingapo za pa ntchito.
* Kuchoka ya boma kupita ya private, kapena ya private kupita ya private inzake. Apa ndi pomwe ambiri amadutsira. Malo amapezeka msanga, koma nkhani yowerengera ma course imakhalabe m'manja mwa eni sukulu.

Chinthu china: ngati munawididwa, kunena kuti anakuchotsani chifukwa cholephera mayeso, werengani chilengezo mpaka pansi penipeni. Zilengezo zina zimanena poyera kuti ochotsedwa kwina chifukwa cha magiredi asalembere. Musabise. Transcript idzakuululani basi.

Yambani ndi mndandanda wa NCHE

National Council for Higher Education inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndipo ndi yomwe imalembetsa ndi kuyendera masukulu a ukachenjede m'dziko muno. Pali mawu awiri omwe anthu amawasokoneza. Kukhala registered ndi kuloledwa kutsegula sukulu. Kukhala accredited ndi kuyesedwa n'kupezeka kuti maphunziro ake afika pa mlingo woyenera. Komanso NCHE imayang'ana pulogalamu iliyonse payokha, ndiye sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka pomwe pulogalamu yomwe mukufunayo sinavomerezedwe.

Onani mbali zonse ziwiri. Ngati pulogalamu yomwe mukuchokayo si yovomerezeka, sukulu yatsopano ili ndi chifukwa chokanira ma course anu onse. Ngati yomwe mukupitayo ndi yomwe ili yosavomerezeka, mudzakhala ndi pepala lomwe olemba ntchito adzalikayikira. Musadalire chikwangwani cha pa geti kapena zomwe alemba pa Facebook. Fufuzani mndandanda womwe NCHE imatulutsa yokha.

Anzanga a unamwino, udokotala ndi zamalamulo, inu muli ndi khomo linanso. Nurses and Midwives Council of Malawi ndi Medical Council of Malawi ndi omwe amalembetsa anthu kuti agwire ntchito za chipatala, ndipo za malamulo zili ndi bungwe lawonso loyang'anira maphunziro. Funsani kumeneko ngati sukulu yomwe mukupitayo amaizindikira musanalipire ngakhale khobidi limodzi.

Mapepala oti musonkhanitse

1. Satifiketi ya MSCE kapena notification ya MANEB. Ngakhale mwafika chaka chachitatu, adzayang'anabe ngati muli ndi ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, komanso maphunziro omwe pulogalamuyo imafuna. Credit ndi giredi 1 mpaka 6.
2. Transcript yochokera ku ofesi ya Registrar, yosainidwa ndi kudindidwa. Screenshot ya pa portal si transcript.
3. Ma course outline a phunziro lililonse lomwe mukufuna kuti liwerengeredwe. Asungeni kuyambira chaka choyamba. Kuwasaka pambuyo pake ndi ntchito yotopetsa.
4. Kalata yosonyeza kuti simunachotsedwe pa mlandu wa khalidwe kapena wobera mayeso.
5. Umboni woti mulibe ngongole ya fizi. Masukulu ambiri satulutsa transcript kwa munthu amene ali ndi balansi.
6. Chitupa cha unzika, zithunzi, ndi risiti ya ku banki ya application fee.

Pepala lililonse lijambuleni pa foni ndipo muchite fotokope. Ma original musasiye pa desiki ya munthu popanda kusainirana.

Amawerengera bwanji ma course?

Fomu yanu imalowera kwa Registrar, koma amene amaunika kwenikweni ndi a ku dipatimenti. Amatenga outline yanu n'kuiyika pambali pa yawo. Amaona mitu yomwe munaphunzira, maola omwe phunzirolo limatenga, chaka chomwe limaphunzitsidwa, ndi giredi yomwe munapeza. Akamaliza amapereka maganizo awo kwa Dean, kenako nkhani imakwera mpaka ku komiti kapena Senate yomwe ili ndi mphamvu yovomereza.

Dzina la course lokha silithandiza. Statistics ya ku Social Science ndi Statistics ya ku Engineering zikhoza kufanana dzina koma zamkati n'kusiyana kutalitali. Course yomwe munaidutsa mokhotakhota, ya sapu ija, ena saiwerengera. Komanso pali malire: yunivesite siingakupatseni digiri yake mutangophunzirapo semesita imodzi, ndiye imafuna kuti gawo lalikulu ndithu la maphunziro mulichitire pomwepo. N'chifukwa chake kusamuka kumapeto kwa chaka choyamba kumapweteka pang'ono kusiyana ndi kusamuka muli chaka chachitatu.

Ndipo pali ma prerequisite. Course imodzi ya chaka choyamba yomwe kwanu kunalibe ikhoza kukutsekerani ma course awiri kapena atatu a chaka chachiwiri, n'kukuwonjezerani chaka chathunthu.

Nkhani ya loan ndi olipira fizi

Ngati muli pa loan ya Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la mu 2015, dziwani kuti ndalama ya fizi imapita ku sukulu yomwe munalembetsa. Siikutsatirani yokha ngati mthunzi. Pitani mukawafotokozere musanasamuke, ndipo mufunse ngati sukulu ndi pulogalamu yatsopanoyo zili m'gulu lomwe amathandiza. Ngongole ya zaka zomwe mwaphunzira kale imakhalabe pa dzina lanu, kaya mwamaliza kaya simunamalize.

Chimodzimodzi ngati amakulipirirani ndi a mpingo, bungwe kapena achibale. Auzeni zoona zake, kuphatikizapo kuti mwina zaka ziwonjezereka. Munthu amene analonjeza kulipira zaka zinayi si kuti ali ndi ndalama ya zaka zisanu.

Yang'ananinso kalendala. Masukulu athu satsegulira nthawi imodzi, makamaka chichitikireni kutseka kwa Covid-19 mu March 2020. Mukhoza kusiya kuno mu June n'kupeza kuti uko akutenga atsopano chaka chamawa, inu muli pakhomo kulipira lendi ya ulere.

Za kunja kwa dziko

Obwera kuchokera ku Zambia, Tanzania, India kapena kwina kulikonse, konzekerani kuti mapepala anu akaunikidwe ku NCHE. Opita ku South Africa, kumeneko mapepala akunja amaunika ndi a SAQA, ndipo kuti mulowe digiri yoyamba pamafunika exemption yochokera ku Universities South Africa, kuwonjezera pa study visa. Zonsezi zimadya miyezi, ndiye yambani msanga.

Zomwe zinandichitikira ine

Ndinachita zaka ziwiri pa yunivesite ina ya private kummwera. Bambo atasiya ntchito, ndalama ya hostel ndi chakudya inayamba kuvuta, ndiye tinagwirizana kuti ndisamukire ku Lilongwe ndizikakhala kwa achemwali anga n'kumayendera. Maganizo anali abwino ndithu.

Ndinapita pa sukulu ina mu town, ndikuwonetsa magiredi anga pa foni. Bambo wina wa pa desiki anayang'ana n'kunena kuti, "Aaa, inuyo mulowa third year, palibe vuto." Ndinatuluka ndikumwetulira. Sindinafunse kalata, sindinafunse ngakhale udindo wawo. Semesita itatsegulira ku sukulu yakale ija sindinapiteko, ndipo sindinalembe kalata yopempha kuti andisungire malo. Ndinangosowa basi.

Nditapita kukatenga transcript, anandikumbutsa za balansi. Kuti tiipeze ndalamayo panapita miyezi inayi. Mapepala atafika ku dipatimenti, pa ma course 20 omwe ndinakhoza anandiwerengera 9 okha, n'kundiuza kuti ndiyambire chaka chachiwiri, ena a chaka choyamba ndiwatengere pambali. Bambo a pa desiki aja sananame mwadala. Chabe kuti sanali iwo ogamula. Nditati ndibwerere kwakale, anati malo ndinawataya ndekha posalembetsa. Ndinaphunzira semesita imodzi ku sukulu yatsopanoyo, ndalama zija n'kutheratu. Tsiku lomwe ndimawauza mayi kuti ndayamba ndaima kaye, anangoti, "Nanga zaka ziwiri zija zapita kuti?" Ndinasowa choyankha.

Ndondomeko yomwe ndikanatsata

1. Lembani pa pepala chifukwa chenicheni chomwe mukufunira kuchoka. Ngati ndi ndalama kapena matenda, funsani kaye za kuimitsa maphunziro mwalamulo kuti akusungireni malo. Ngati ndi pulogalamu, funsani za kusintha mkati momwemo.
2. Onani mndandanda wa NCHE, sukulu ndi pulogalamu zomwe.
3. Malizani semesita yomwe mwayamba, lembani mayeso, lipirani balansi, tengani transcript.
4. Ngati mwatha zaka ziwiri, funsani ngati sukulu yanu imapereka satifiketi kapena diploma kwa otulukira panjira. Ena amapereka, ndipo pepala limenelo limatsegula khomo la mature entry.
5. Lemberani ku sukulu yatsopano mukadali wophunzira ku yakale.
6. Dikirani kalata yonena zinthu zitatu: pulogalamu, chaka chomwe mukulowa, ndi mayina a ma course omwe awawerengera.
7. Werengetsani ndalama ya zaka zonse zotsala: fizi, thiransipoti, lendi, chakudya, bundle.
8. Pomaliza penipeni, lembani kalata yotsanzika ku sukulu yakale, chitani clearance ku library ndi ku accounts, ndipo sungani kope yodindidwa.

Kusamuka pakokha si kulakwa ayi. Ndikudziwa anzanga omwe anasamuka bwinobwino ndipo anavala gown chaka chatha. Kusiyana kwawo ndi ine n'kwakuti iwo anachoka kalata ili m'manja. Ine transcript yanga ili mu envelopu pansi pa sutikesi, ndipo ndikusunga pang'onopang'ono kuti ndibwerere. Ulendo uno wina akadzandiuza kuti "palibe vuto", ndidzati zikomo bwana, tandilembereni pomwepa.