Live at Leeds

Live at Leeds ndi chimbale cha gulu la nyimbo za rock la ku England lotchedwa The Who. Chinajambulidwa pa 14 Febuluwale 1970, gululi likuimba pamaso pa anthu pafupifupi 2,000 m'holo yodyeramo ophunzira pa yunivesite ya Leeds, ndipo chinatuluka mu Meyi chaka chomwecho. Oimba anali anayi: Roger Daltrey wotsogolera nyimbo, Pete Townshend pa gitala, John Entwistle pa besi ndi Keith Moon pa ng'oma. Pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri chinafika pa nambala 3 ku Britain ndi pa nambala 4 ku America.

Chiyambi chake

Mu 1969 gululi linatulutsa Tommy, chimbale chofotokoza nkhani imodzi kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, kenako linayendayenda ku America likuimba. Zoimbaimba zambiri za paulendowu zinajambulidwa, koma Townshend sanafune kukhala pansi kumvetsera matepi onsewo, ndipo anauza katswiri wawo wa zokuzira mawu, Bob Pridden, kuti awatenthe. M'malo mwake anakonza zojambula mausiku awiri okha: ku Leeds, ndi ku Hull tsiku lotsatira. Tepi ya ku Hull inapezeka kuti besi sinalowe mu nyimbo zingapo zoyambirira, choncho anatenga ya ku Leeds.

Chimbale cha 1970

Ngakhale usikuwo anaimba nyimbo zoposa 30, pa chimbale anaikapo zisanu ndi imodzi zokha. Zitatu mwa izo sizinali zawo: "Young Man Blues" ndi ya Mose Allison, "Summertime Blues" ya Eddie Cochran, ndipo "Shakin' All Over" ya Johnny Kidd and the Pirates. Zawo zinali "Substitute", "Magic Bus" ndi "My Generation". Yomalizayi, yomwe poyamba inali ya mphindi zitatu, apa anaitalikitsa mpaka kuyandikira mphindi 15. Gawo lonse la Tommy, lomwe linali pakati pa pulogalamu ya usikuwo, analisiya. Timagawo take tochepa timangomveka m'kati mwa "My Generation".

Chikuto chinali cha katoni wabulauni, dzina lili ngati lodinda ndi chidindo, mofanana ndi zimbale zimene anthu ankajambula mozemba n'kumagulitsa popanda chilolezo. Mawu nawonso anali ndi vuto: m'nyimbomo munkamveka kuthetheka. Gululi silinabise zimenezi. Pa pepala la pakati pa chimbale panalembedwa pamanja kuti kuthethekako kulibe vuto ndipo asakukonze.

Kutulutsidwanso

Mu 1995 chimbalechi chinatulukanso pa CD, mawu atasakanizidwa mwatsopano ndi kuyeretsedwa, ntchito yomwe anatsogolera Jon Astley. Nyimbo zinakwana 14, kuphatikizapo "Heaven and Hell" imene anatsegulira usikuwo, "Tattoo" ndi "A Quick One, While He's Away". Nthabwala zimene oimbawo ankaponyerana pakati pa nyimbo zinamvekanso. Kuthetheka kuja kunachotsedwa, ndipo pa CD-yo analemba moseka kuti tsopano kwakonzedwa.

Apa ndi pamene omvera amasiyana maganizo. Ena amakondwera kumva besi ya Entwistle ikumveka bwino komanso kudziwa mmene usikuwo unayendera. Ena amati mphamvu ya chimbale choyamba inali m'kufupika ndi kukhakhala kwake, ndipo CD ya 1995 ndi chinthu china chongokhala ndi dzina lomwelo. Mfundo yachiwiriyi ili ndi pogwira, poti nyimbo zisanu ndi imodzi zija zinasankhidwa dala kuti dziko limve ukali wa gululi pa nthawi imene ambiri ankalidziwa ndi Tommy basi.

Mu 2001 munatuluka Deluxe Edition ya ma CD awiri yokhala ndi Tommy yense monga anaimbidwira ku Leeds, koma anamuika payekha pa CD yachiwiri, motero ndondomeko ya nyimbo si imene anthu anaimva m'holomo. Pokumbukira zaka 40, mu 2010 anawonjezera zoimba za ku Hull, ndipo pomwe besi inasowa anaikapo ya Entwistle yochokera pa tepi ya ku Leeds.

Mu Juni 2006 Townshend ndi Daltrey anabwerera kukaimba m'holo yomweyo, ndipo panyumbapo panaikidwa chikwangwani chabuluu chachikumbutso. Pa nthawiyo Moon anali atamwalira mu 1978, Entwistle mu 2002.