Evaporeta si boyila

Mlamu wanu wogwira ntchito pafakitale ya shuga ku Nchalo akati "lero ndili ku maevaporeta," ambirinu mumaganiza boyila. Ayi ndithu. Boyila imapanga nthunzi, pomwe evaporeta imatenga nthunziyo n'kuphwetsera madzi a nzimbe. Liwu loti evaporeta tinalibwereka ku Chingerezi, koma gwero lake ndi "vapor" wa Chilatini, kutanthauza nthunzi.

Maevaporeta ndi mathanki ataliatali ondondozana, anayi kapena asanu. Nthunzi yotuluka m'thanki yoyamba imawiritsa yachiwiri, chomwecho mpaka yomaliza. Izi ndi nzeru za Norbert Rillieux wa ku Louisiana m'ma 1840. Mayi akamaphwetsa msuzi wa nyemba amachita zomwezo, kungoti nthunzi yawo imangotayika. M'maevaporeta mumatuluka manyuchi okhuthala basi. Timibulu ta shuga timapangika patsogolo, m'ziwiya zina zotchedwa mapani.