Chibaluni Chimene Chinatera M'chipululu cha Egypt

Pamene abale awiri a banja la Montgolfier, opanga mapepala a ku Annonay m'dziko la France, anaonetsa khamu la anthu m'chaka cha 1783 kuti thumba lodzala mpweya wotentha likhoza kukwera kumwamba, anapatsa ana a anthu chombo chodabwitsa, chopanda nkhafi ndi tsigiro, chimene mwini wake alamulira kukwera ndi kutsika kokha, koma njira aisiyira mphepo. Chifukwa chake panapita zaka 216 chombo chotere chisanazungulire dziko lapansi osatera.

Bertrand Piccard, dokotala wa ku Switzerland, anayesa kawiri nalephera: mu 1997 anagwera m'nyanja ya Mediterranean, ndipo mu 1998 anatsikira ku Burma, popeza China anamukaniza kudutsa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa 1 Malichi 1999 iye ndi Mngelezi Brian Jones ananyamuka ku Château-d'Oex m'chibaluni cha Breitling Orbiter 3, chonyamulidwa ndi helium pamodzi ndi mpweya wotentha. Ndipo ngakhale ulendo wao unali wa kum'mawa, akatswiri a zanyengo okhala ku Geneva anayamba awalozera kumwera chakumadzulo, kudzera ku Morocco, kuti akakumane ndi mphepo yamphamvu yoomba pamwamba pa Sahara.

M'chipululu chimenecho, m'mene woyenda pansi afa ndi ludzu, iwo anasautsidwa ndi madzi oundana omata pachombo, kotero kuti anatsika pang'ono, natuluka kunja kukawagumula. Atapitirira magombe a Arabia, India ndi kumwera kwa China, analowa pa nyanja ya Pacific, kumene masiku ambiri sanaone mtunda, gasi wa moto wao alikuchepa. Ndipo atadutsa Mexico ndi nyanja ya Atlantic, pa 20 Malichi anafika pamwamba pa Mauritania, atazungulira dziko lonse.

M'mawa mwake anatera pamchenga wa kumadzulo kwa Egypt, kutali ndi mudzi uliwonse. Pomwepo amuna aja, amene mbiri yao inali itamveka kale m'mitundu yonse, anakhala pansi maola ambiri, mphepo ikukankha chombo chao, kulindira kuti wina adzawatenge. Pakuti anafika kumene mphepo inawatula, ndipo kumeneko kunalibe wowachingamira.