Mudzi wa Lote ndi Chigamulo 268: Mawu a Mayiko pa Nkhanza za M'malire a Kummawa

Chinyanja chili ndi aneni atatu amene olemba nkhani amawasokoneza akamamasulira za nkhondo: kulowerera, kuleretsa ndi kulanditsa. Wolowerera amafika pa mlandu wa eni osaitanidwa. Woleretsa amaima pakati pa omenyana osakondera mbali. Wolanditsa amasankha mbali ya woponderezedwa. M'nkhani ino tiona kuti mayiko anachita chiti mwa zitatuzi pamene anthu a m'malire a Zambia ndi Mozambique ankaphedwa ndi asilikali a maboma, kuyambira mu 1969.

Malirewa anachokera m'pangano la Britain ndi Portugal la 1891, ndipo anadula pakati dziko la Undi. Anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi ali ndi abale kutsidya, m'chigawo cha Tete, ndipo mpaka lero mafumu a Achewa a m'mayiko atatu amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Choncho pamene FRELIMO inayamba kumenya nkhondo ku Tete mu 1968, kulowera ku Zambia, Apwitikizi anaona mudzi uliwonse wa m'malire ngati nkhokwe ya adani awo. (Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, zolemba zakale zimawabisa pansi pa maina a Katete, Petauke ndi Chadiza.)

Pa 30 June 1969 ndege za Apwitikizi zinaponya mabomba pamudzi wa Lote m'boma la Katete, ndipo anthu wamba anafa. Boma la Kenneth Kaunda silinabwezere ndi mfuti. Linakadandaula ku Khonsolo ya Chitetezo ya United Nations, kumene Zambia inali ndi mpando chaka chimenecho, kazembe wake ali Vernon Mwaanga. Pa 28 July Khonsolo inapereka Chigamulo 268, chimene chimatchula mudziwo ndi boma lake ndi maina. Mayiko 11 anavomereza, wokana panalibe, koma anayi anakhala chete: Britain, France, Spain ndi United States.

Wophunzira chilankhulo ayenera kuyang'anitsitsa aneni a m'chigamulochi. Khonsolo inadzudzula mwamphamvu. Inauza Portugal kuti ileke kuphwanya malire. Inalamula kuti anthu ogwidwa abwezedwe pamodzi ndi katundu wolandidwa. Inalonjeza kuti zikapitirira idzakumananso kuti iganizire zina. Mneni womalizayu ndiye akuulula zonse, pakuti chilango chachikulu chimene wolakwa anaopsezedwa nacho chinali msonkhano wina. Chifukwa chake sichinali chobisika. Portugal inali m'gulu la NATO, ndipo United States inali ndi bwalo la ndege zankhondo ku Lajes, pazilumba za Azores. Tiyeneranso kuzindikira kuti Lote anamveka chifukwa mabomba anagwa mbali ino ya malire. Malamulo a nthawiyo ankateteza nthaka ya dziko koposa moyo wa munthu, ndipo Portugal inkanena kuti wophedwa kutsidya ndi nkhani ya m'nyumba mwake.

Zimenezi zinaonekera poyera ku Wiriyamu. Pa 16 December 1972 asilikali a Chipwitikizi, pamodzi ndi apolisi achinsinsi a DGS, anazinga midzi isanu kummwera kwa mzinda wa Tete, napha amuna, akazi ndi ana, ena powatentha m'nyumba. Katswiri wa mbiri Mustafah Dhada anasonkhanitsa maina 385 a ophedwawo. Eni midziyi anali Anyungwe. Nkhaniyi inatuluka kudzera mwa ansembe: Bambo Domingos Ferrão ndi ansembe a ku Spain a gulu la Burgos analemba umboni wa opulumuka, ndipo Bambo Adrian Hastings anausindikiza mu nyuzipepala ya The Times pa 10 July 1973. Panali patatsala sabata kuti Marcelo Caetano, nduna yaikulu ya Portugal, afike ku London kukakondwerera zaka 600 za ubale wa mayiko awiriwo. Harold Wilson, mtsogoleri wa otsutsa, anapempha kuti ulendowo ulephereke. Boma la Edward Heath linamulandira mlendo wake. Ku Lisbon anayamba ndi kunena kuti mudzi wa dzina limeneli kulibe.

Mu December 1973 Msonkhano Waukulu wa United Nations unakhazikitsa bungwe lofufuza, ndipo lipoti lake linatuluka mu 1974 boma la Caetano litagwa kale. Palibe dziko limene linatumiza msilikali kukalanditsa anthu a ku Tete. Nkhondo inatha chifukwa asilikali a Portugal eni ake, atatopa ndi nkhondo za ku Guinea, Angola ndi Mozambique, analanda boma pa 25 April 1974, ndipo pa 7 September pangano linasainidwa ku Lusaka. Komabe sitinganene kuti mawu analibe ntchito konse. Manyazi a Wiriyamu anachititsa kuti Caetano asowe omuikira kumbuyo poyera. Kupepesa kokha ndiko kunachedwa: nduna yaikulu António Costa inapepesa ku Maputo mu September 2022.

M'zaka za m'ma 1980 mfuti zinabwera kuchokera kwa oyandikana nawo. RENAMO, imene anthu ankaitcha Matsanga potengera dzina la mtsogoleri wake woyamba André Matsangaissa, inaleredwa ndi akazitape a Rhodesia, kenaka ndi boma la tsankho la South Africa. Nkhanza zake tingazitche nkhanza za maboma zochitidwa ndi dzanja lobwereka. Lipoti la Robert Gersony la mu April 1988 linayerekeza kuti anthu wamba ophedwa ndi gululi anali pafupifupi 100,000. Othawa nkhondo anadzaza midzi ya m'malire, ndipo ambiri anasamutsidwira ku Ukwimi, kumene panthawiyo kunali m'boma la Petauke. Zigawengazo zinayamba kuwoloka kudzapha, kuba ng'ombe ndi kugwira anthu m'Chigawo cha Kummawa, mpaka mu 1988 asilikali a Zambia anazilondola kulowa m'dziko la Mozambique. Zimbabwe inali italondera kale njira ya ku Beira kuyambira mu 1982. Tanzania inatumiza asilikali ake. Malawi inalondera njanji ya ku Nacala.

Kodi kumeneku kunali kulanditsa? Pang'ono chabe. Mayikowa analowa mogwirizana ndi boma la Maputo, ndipo ambiri ankateteza njanji, mafuta ndi malire awo. Umboni wake ndi kukhala chete kwawo pa zimene FRELIMO inkachitira anthu ake: misasa yowongolera anthu ku Niassa, kuphedwa kwa Uria Simango popanda mlandu wa pabwalo, ndi kusamutsa mokakamiza zikwi za anthu a m'mizinda mu 1983. Bungwe la OAU linali ndi lamulo loti dziko lisalowerere za mnzake, ndipo kwa atsogoleri lamuloli linali lokoma. Kuleretsa kwenikweni kunadza pangano la ku Rome litasainidwa pa 4 October 1992, pamene United Nations inatumiza gulu la ONUMOZ, mmene munalinso asilikali a Zambia. Woleretsa anafika omenyana atavomera kale kutula zida.

Pambuyo pa zoopsa za ku Rwanda za 1994, mawu anasinthadi. Malamulo okhazikitsira African Union a mu 2000, pa ndime 4(h), amapatsa bungweli ufulu wolowa m'dziko limene mukuchitika milandu ya nkhondo, kupulula mtundu kapena milandu yolakwira umunthu. Mu December 2015 nthambi yake ya mtendere inagamula kutumiza asilikali 5,000 ku Burundi. Pierre Nkurunziza ananena kuti adzawalandira ngati adani, ndipo mu January 2016 atsogoleri a mayiko, atakumana ku Addis Ababa, analisiya ganizolo.