Kutsamwa

Munthu amatsamwa chakudya kapena madzi zikalowa njira yolakwika pakhosi, n'kuyamba kutsokomola, mpweya osayenda bwino. Amakanika amanenanso mawuwa pa injini, ndipo akulondola. Injini yakale ya boti lochoka pa Kachulu kupita pachilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa ikamadukizadukiza, kutsokomola, kenako n'kuzima, ndiye kuti yatsamwa. Kawirikawiri madzi alowa m'petulo, kapena zinyalala zatseka timabowo ta kabuleta. Nthawi zina oyilo wosakaniza ndi petulo wachuluka, pulagi n'kuda bii ndi mwaye. Yambani ndi zimenezi musanamasule injini yonse. Koma ikazima chifukwa udzu kapena matope a nyanja ya Chilwa atseka polowera madzi oziziritsa, imeneyo sinatsamwe ayi, yatentha.