Mbiri ya Kaundula wa Malo ku Ulongwe

Ulongwe ali pamsewu wa M3 pakati pa Liwonde ndi Mangochi, m'dera la Mfumu Kalembo. Derali linali m'boma la Machinga mpaka mu 1998, pamene Balaka idakhala boma palokha. Kwa mibadwo yambiri malire a minda kuno sankalembedwa. Nyakwawa inkagawa malo, mwini mbumba n'kumawayang'anira m'malo mwa alongo ake, ndipo mboni ya malire inali mlambe, chulu, khwawa kapena mzere wa khonje. Poti ambiri kuno, Ayao makamaka, amatsata chikamwini, munda unkachoka kwa mayi n'kugwera mwana wamkazi.

Mapepala adadza ndi atsamunda. Kuyambira mu 1892, Harry Johnston ankapereka zikalata za umwini kwa azungu amene ankati adagula malo kwa mafumu, makamaka cha ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje. Minda ya anthu wamba sidalowe m'kaundulayo. Lamulo la malo la 1965 lidagawa nthaka patatu: ya boma, ya eni zikalata, ndi ya mafumu. Mu 1967 kudabwera lamulo lolembetsa malo, koma kumidzi lidagwira ntchito kumadzulo kwa Lilongwe kokha, kumene minda ya banja inkalembedwa pamodzi monga ndunda. Munthu wa ku Ulongwe wofuna liizi ya sitolo kapena esiteti ankalondola fayilo yake kutali, ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Masaveya adaonekera kwambiri kuchigawo chino panthawi ya Kudzigulira Malo, ntchito yothandizidwa ndi World Bank kuyambira mu 2004 mpaka 2011. Mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, adagula maesiteti ku Machinga ndi Mangochi, kenako ku Balaka ndi Ntcheu. Chikalata chinkatuluka m'dzina la gulu, osati la munthu mmodzi.

Lamulo la malo a mafumu la 2016, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022, ndilo lidatsekula khomo loti munda wa m'mudzi ulembetsedwe. Komiti ya malo imakhala kwa gulupu, amene ndiye wapampando, ndipo mwa mamembala asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu kapena kuposa ayenera kukhala amayi. Kuyesa koyamba kudachitika ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi.

Apa ndi pamene akatswiri a mapu a pakompyuta adalowera. Kumunda, mwini malo ndi oyandikana naye amayenda m'malire, wina akulemba ngodya iliyonse ndi GPS kapena kuijambula pachithunzi cha setilaiti. Ku ofesi, katswiri amasandutsa ngodyazo kukhala munda wotsekeka, wokhala ndi nambala, kukula kwake ndi dzina la mwini, n'kuonetsetsa kuti minda iwiri siyakwerana. Mafayilo akale a liizi amawajambula n'kuwalowetsa m'kaundula wa pakompyuta wa Unduna wa Zamalo. Gawo limeneli ndi lovuta kuposa momwe limaonekera. Mapu akale adayezedwa pamuyezo wa Arc 1950, pomwe GPS imatsata WGS 84. Katswiri akapanda kugwirizanitsa miyezo iwiriyi, esiteti imatha kusuntha mamita mazana angapo n'kudya minda ya anthu amene sadasunthe ndi khasu lomwe.

Chovuta chenicheni m'dera la chikamwini ngati Ulongwe ndi dzina lolemba. Lamulo limalola munthu mmodzi, anthu angapo kapena banja, koma kaundula sadziwa kuti mkamwini ndi mlendo pamudzi, kapena kuti atsibweni ali ndi mawu pamunda umene salimapo. Dzina likalakwika, mayi amene adabadwira pamalopo angathe kutaya zimene mwambo unkamutetezera. N'chifukwa chake mapu amayamba apachikidwa poyera kuti mudzi uwaone chikalata chisadatuluke, ndipo wosakhutira amakadandaula kubwalo la milandu ya malo la kwa mfumu yaikulu.